Timabotolo Tiwiri ta Mayi Salima

Dotolo Claudino Milagre anaika timabotolo tiwiri patebulo, kena apa kena apo, n'kupinda manja.

"Tandiuzani, mayi Valéria. Kamene kali ndi mankhwala ndi kati?"

Valéria Amade sanathamangire kuyankha. Anali atangotsika pa njinga yamoto kuchokera ku polisi ya Mandimba, fumbi la msewu wa ku Ngauma lidakali m'nsidze. Zaka makumi awiri ndi zitatu akufufuza milandu zinamuphunzitsa kuti munthu akakufunsa chotero ndiye kuti yankho ali nalo kale. Anawerama n'kupenyetsetsa. Timabotolo tonse tinali totalika ngati chala chamkombaphala, zivindikiro zofanana, zolembedwa zofanana, madzi ake oonekera ngati akumwa.

"Musandiyese ngati mwana wasukulu, a dotolo. Ndionetseni."

Dotoloyo anakoka dontho m'kabotolo kalikonse ndi jekeseni, kudonthezera m'timachubu tiwiri tagalasi, n'kutiviika m'kapu ya madzi otentha. Pasanathe mphindi, dontho la kumanzere linayera ngati madzi otsukira mpunga. La kumanja linangokhala momwemo.

"La kumanzereli ndiye mankhwala," anatero Claudino. "M'madzimo muli timatumba tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, toti mazanamazana tingakwane pansonga ya tsitsi. M'katumba kalikonse tamangamo puloteni wopha maselo a khansa. Puloteniyo mukamuthira yekha m'magazi, thupi limamudya asanafike kulikonse. Ndiye amayenda wotsekeredwa. Ife timafunditsa pamene pali chotupa ndi makina awo mukuwaona pakonawo. Timatumba tikangofika pofundapo, timaphulika n'kukhuthulira mankhwala pa chotupa pokhapo. Kwina konse m'thupi timangodutsa totseka."

"Ngati nsatsi padzuwa."

"Eya, chimodzimodzi. Koma nsatsi sisankha dzuwa. Mukatulutsa kabotolo mufiriji n'kukasiya panja m'kutentha kwa Okutobala uno, timatumba timaphulikira m'botolo momwemo, puloteni n'kufa. Kakayera, katha ntchito."

"Nanga la kumanjali?"

"Madzi a diripi. Aukhondo, osaopsa, koma osachiza kanthu. Wina anatenga timabotolo takale togwiritsa kale ntchito, kuthiramo madziwo, kutsinanso zivindikiro ndi pulaya."

Anafotokoza zotsalazo mwachangu. Mankhwalawo anali oyeserera chabe, osagulitsidwa kulikonse. Amayi asanu ndi mmodzi odwala khansa ya khomo la chiberekero ndiwo anavomera kuyesedwa pachipatala cha ku Naphutu, ulendo uno aliyense timabotolo tiwiri, kena lero kena pakapita masabata awiri. Timabotolo khumi ndi tiwiri tinafika pa sitima ku Cuamba Loweruka, dalaivala n'kudzatitula kuchipatala, n'kuikidwa mufiriji. Lero Lachitatu, khumi tinali tenitenidi. Tiwiri ta nambala sikisi, ta mayi Salima, tinali madzi.

Valéria anayang'ana khoma. Chipatalachi ankachidziwa kuyambira chili phulusa. Chaka chimene anthu ankabwerera kuchokera ku misasa ya othawa nkhondo ya ku Malawi, iye ali mtsikana anasenza nawo njerwa zomangira chipinda chakutsogolo, ndipo dotolo uyu, wobadwira kumsasa, anali asanayambe n'sukulu yomwe. Tsopano padenga panali magalasi okoka mphamvu ya dzuwa, mbali yatsopano itangotha kumangidwa chaka chatha.

"Tikapanda kutipeza?" anafunsa.

"Mankhwala ena angabwere pakatha miyezi inayi. Mayi Salima alibe miyezi inayi yodikira. Komanso amene anatitumizira akamva kuti kuno kumasowa zinthu, akhoza kutseka zonse, asanu enawo n'kuthera panjira."

"Firiji ili ndi makiyi angati?"

"Atatu. Wanga, wa namwino Dulce, ndi wina amasunga mlonda, bambo Tobias, kuti magetsi akavuta asamutse katundu."

Kenako anatulutsa pepala lalitali la mizeremizere. Firijiyo inali ndi kawotchi kolemba nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa. Kuchoka Loweruka mpaka m'mawa uno, inatsegulidwa kamodzi kokha: Lolemba, patadutsa mphindi khumi chikwanireni thwelofu masana, n'kukhala chotsegula mphindi zisanu ndi zinayi.

"Inu munali kuti?"

"Ku maliro ku Itepela. Anthu mazana awiri anandiona."

"Chabwino. Za madzi a diripizi mwauzako ndani?"

"Inu nokha."

"Zikhale choncho. Amene angafunse, muziti simukudziwa kuti muli chiyani." Valéria anaimirira, kupukuta manja pa buluku. "Funso lomaliza. Munthu ataba kabotolo, angakabaye wodwala kunyumba n'kuchira?"

"Ayi. Popanda makina awo, timatumba tingoyenda totseka mpaka kutuluka ndi mkodzo."

"Makinawo amawadziwa ndani?"

"Ine ndi namwino Dulce basi," anatero Claudino.

*

Dalaivala Abudo anamupeza akutsuka galimoto ya chipatala pansi pa mtengo wa mkesha. Asanafunsidwe n'komwe anali atayamba kale.

"Shefe, ine ndadziwa kuti muyamba ndi ine. Chikasowa chinthu, dalaivala! Tayala likaphulika, dalaivala! Mvula ikachedwa, dalaivala! Bokosi lija ndinalilandira ku siteshoni ya Cuamba lili lomata, ndinalimanga lamba pampando ngati mkazi wodwala. Ndinaima kamodzi kokha, ku Mandimba, kuswali. Allah ndi mboni. Munthu wina anandipempha kuti akwezeko thumba la usipa, ndinakana, ndipo ndi mlamu wanga ameneyo, mpaka lero sakundiyankhula."

"Bokosi lanu silinatsegulidwe panjira, a Abudo. Pepala ndaliona. Ine ndikufuna maso anu, osati khosi lanu."

Abudo anafinya chinsanza, mtima utatsika. "Maso ndili nawo."

"Lolemba masana?"

"Ndinaperekeza a dotolo ku maliro. Tinanyamuka leveni, kubwera thu koloko. Pano tinasiya Dulce ndi a Tobias basi."

"Sabata ino mwaonapo chachilendo?"

Anakanda chibwano. "Chachilendo ndi ichi. Mawa Lachinayi a dotolo ali ndi msonkhano ku Lichinga. Dulce ulendo wa ku Lichinga sauphonya, amakwera ine ndisanalize n'injini. Koma dzulo akuti sindipita, nditsala ndiyang'anire chipatala. Ndinati kodi mwadwala? Akuti ayi. Ndiye ndinangoti basi, mwina kuli chibwenzi chatha."

"Ndiye mawa tsiku lonse pano pakhala namwino yekha ndi makina aja."

"Ndi mlonda. Koma shefe, m'timabotolo tabodzato muli chiyani? Si poizoni?"

"Sitinadziwe," anatero Valéria, n'kumusiya.

*

Dulce Célio anali akukonza thonje m'chipinda chobayira. Mkazi wa zaka zongopitirira makumi atatu, yunifolomu yosita bwino, kiyi pakhosi pa chingwe chobiriwira. Ankayankha ngati akuwerenga.

"Lolemba kuyambira leveni mpaka wani koloko ndinali pa sikelo ya ana, pansi pa mango kuseriko. Amayi makumi atatu ndi awiri. Mayina alipo."

"Simunachokepo?"

"Sikelo ikayamba sichokedwa."

"Kiyi?"

"Sachoka pakhosi. Ndimasamba naye."

"Timabotolo tikatha ntchito timapita kuti?"

"Kudzenje. Timatenthedwa."

"Amatentha ndani?"

Thonje linaima m'manja mwake. Anayang'ana pazenera, kumene mlonda ankasesa masamba.

"Bambo Tobias," anatero, mawu atatsika. "Koma iwowo sangachite zimenezi."

"Sindinati achita."

Valéria anakhala pampando wa odwala n'kumangomuyang'ana akugwira ntchito. Ankadikira funso limodzi. Abudo analifunsa. Mayi wophika analifunsa pachipata iye asanaimike n'njinga. Namwino amene m'mawa womwewo anatsala pang'ono kulowetsa madzi osadziwika m'mtsempha wa munthu ndiye anayenera kulifunsa woyamba. Dulce anapinda thonje lonse, kupukuta tebulo, kusamba m'manja. Sanafunse kuti m'timabotolomo munali chiyani.

*

Mayi Salima anakhala pabenchi ya pakhonde, miyendo atatambasula, chitenje chili m'mutu. Thupi linali litatha, koma mawu anali a pamsika, a munthu amene wagulitsa nsomba moyo wake wonse.

"Inu ndinu apolisi aja? Bwerani, khalani apa. Ine ndachoka ku Entre Lagos dzulo, sitima mpaka Cuamba, minibasi ya shapa mpaka Mandimba, kabaza mpaka kuno, matako onse kuphwanyika, n'kudzandiuza kuti mankhwala anga ngabodza, kaya athiramo madzi! Madzi ndawasiya kunyanja ine, ambirimbiri!"

"Munapitiranji ku Entre Lagos, mayi?"

"Mwana wanga anachira, mwana wamwamuna, mutu ngati dzungu. Ndiye ine ndinati basi, ndafika kwathu, ndifere pano ndikuona mdzukulu. Makina awo amandiotcha m'mimba ngati ndameza khala. Ndinalumbira kuti sindibwereranso."

"Munauza ndani kuti simubwerera?"

"A dotolo ndikanawauza bwanji, munthu wondichitira zabwino? Ndinangonong'oneza namwino tsiku lonyamuka. Ndinati mwanawe, dzina langa ulifufute, mankhwala anga mupatse wina."

"Munatero? Mupatse wina?"

"Ndi pakamwa panga pano. Koma magazi atayambiranso sabata yatha, mwana wanga analira usiku ndi usana, akuti amayi mukufuna mwanayu akule osakudziwani? Ndiye ndabwera. Munthu amaloledwa kusintha maganizo, eti?"

"Amaloledwa," anatero Valéria. "Musachoke pabenchipa. Mankhwala anu sali kutali."

Ananena motsimikiza chifukwa anali atayamba kuona njira. Wakubayo sanabe kuti agulitse, pakuti popanda makina katunduyo ndi madzi chabe. Sanafune kupha munthu, n'chifukwa chake anathira madzi aukhondo, n'kusankha nambala ya mayi amene ankaganiza kuti sadzabweranso. Ndipo ankadikira Lachinayi. Munthu wotere sangalole timabotolo kutentha. M'mudzi wopanda magetsi, chinthu chozizira chimachokera malo amodzi.

*

Golosale ya Abílio inali pamphambano, ndipo ndi yokhayo m'dera lonselo inali ndi firiji yaikulu yoyendera dzuwa. Abílio anali munthu wosakonda apolisi, mayankho ake afupiafupi ngati akudula fodya.

"Ayezi? Amatenga ambiri. A nsomba. A mowa."

"Watsopano, amene wayamba sabata ino."

"Sindisunga nkhope."

Kuseri kwa nsalu yotchinga kunatuluka mkazi wake, Margarida, mwana ali kumsana, ufa uli m'manja.

"Iii, bambo ake Milu, bodza lamasana! Si a Tobias aja? Kuyambira Lolemba, m'mawa abwera, madzulo abwera, ndi fulasiki yawo yofiira ija. Ine mpaka ndinaseka, ndinati munthu womwa tiyi wowira ngakhale mu Okutobala, ayezi wayamba liti? Akuti ndi wa mayi akunyumba, pakamwa pakuwauma."

"Akazi awo akudwala?"

"Mayi Olinda? Matenda omwewo a amayi a kuchipatala aja. Anapitako kuti awalembe, a dotolo anati yafalikira kwambiri, lamulo la oyesawo silikulola. Anabwerera akulira a Tobias, bambo wamkulu, msilikali. Dulce ndiye anakhala sabata yathunthu osadya."

"Dulce? N'chiyani chawo?"

Margarida anamuyang'ana ngati wafunsa kumene dzuwa limatulukira. "Simudziwa? Nthawi ya nkhondo ija anthu akuthawa, mayi ake a Dulce anafera panjira, kumapiri uko. Mwana ali ndi miyezi inayi, akuyamwa mtembo. Mayi Olinda anamutola, kumubereka kumsana mpaka ku Malawi, kumuyamwitsa limodzi ndi wawo. Wawoyo anamwalira kumsasa, Dulce n'kukhala. Pobwerera anabwera naye. Sukulu yonse ya unamwino ija ndi makasu a mayi Olinda."

Abílio anang'ung'udza kuti akazi pakamwa sipatsekeka. Valéria sanamulabadire.

"Mayi, Lolemba munapita ku sikelo?"

"Ndinapita ndi Milu uyu."

"Namwino anakhalapo nthawi yonse?"

"Eee, anakhalapo." Anaima kaye, kuganiza. "Kupatula pamene anapita kukatenga timadontho ta mavitamini. Anatisiya tikuimba nyimbo ya phala la ana ija. Tinaimba, kubwereza, kubwerezanso, mpaka mayi ena anayamba ya kutchalitchi poti ija inatikwana."

"Dzuwa lili pati?"

"Pamutu penipeni."

*

Bambo Tobias anamuona akubwera, anatsamiritsa tsache pakhoma, n'kuima chilili ngati pa perete. Anali wamtali, wouma, khutu limodzi loduka nsonga. Valéria asanalankhule, iwo anatambasula manja onse awiri.

"Ndine. Mangani."

"Mwachita chiyani, bambo?"

"Ndinaba mankhwala. Lolemba masana. Kiyi ndili naye."

"Timabotolo takale munatitenga kuti?"

"Kudzenje. Sindinatenthe."

"Munathiramo chiyani?"

"Madzi."

"A kuti?"

"A pamjigo."

"Munawawiritsa?"

Anaphethira kamodzi. "Ayi. Ndinangotunga."

Valéria anawagwira manja aja n'kuwatsitsa pang'onopang'ono.

"Bambo Tobias, mwanama molimba mtima, koma mwanama. M'timabotolomo mulibe madzi a pamjigo. Muli madzi a diripi, olowetsedwa ndi jekeseni ndi munthu amene amaopa kuvulaza wodwala ngakhale pamene akumubera. Inu ntchito yanu inali kusunga timabotolo takale ndi kukatenga ayezi. Zimenezo tidzakambirana. Pano ndikufuna fulasiki yofiira."

"Mwanayo musamuwononge. Ine ndakalamba, ndende sindiiopa. Ndagonapo malo oipa kuposa pamenepo."

"Ndikudziwa. Koma mlandu si katundu woti mungasenzere mnzanu. Ndipo tikamachedwa pano, dzuwa ili likuphika mankhwala a mayi uyo ali pabenchiyo. Ayezi mwathira nthawi yanji?"

"M'mawa. Sikisi koloko."

Valéria anayang'ana wotchi. Inali itadutsa wani. Anatembenuka kuti akaitane dotolo, koma Dulce anali ataima kale pakhomo la chipinda chobayira, bokosi lozizira lili m'manja.

"Asiyeni bambo anga," anatero. "Tiyeni ndikakupatseni."

*

Nyumba ya a Tobias inali ya njerwa zootcha ndi malata, imodzi mwa zoyamba kumangidwa anthu atabwerera. Anapita pa galimoto ya Abudo: Valéria, dotolo, Dulce ndi mkuluyo.

Mayi Olinda anawapeza atagona pamphasa pakhonde, mbali imene dzuwa linali litafika kale. Anali atatha ngati bango, koma maso ali gwa. Dzanja lawo lamanja linali lofumbata pachifuwa. Dulce atangoona dzanjalo anakuwa.

"Amayi! Mwatenga chiyani?"

Anagwada, kufumbatula zala zija chimodzichimodzi. M'dzanjamo munali kabotolo. Madzi ake anali atayera ngati otsukira mpunga.

"Ndimafuna ndikaone," anatero mayi Olinda mwapansipansi. "Masiku atatu mukungonong'onezana, ayezi, ayezi, fulasiki pansi pa bedi. Ndinati chinthu chimene chasandutsa mwana wanga wakuba, ndichigwireko ndi dzanja langa. Ndakhala nacho kuyambira m'mawa. Ndalakwa?"

Dulce anangokhala pansi, kabotolo kali m'manja, misozi ikutsika. Dotolo anathamangira m'nyumba. Valéria anamumva akukoka chinthu pansi pa bedi, kenako chivindikiro chikutseguka. Anatuluka atanyamula kabotolo kachiwiri m'mwamba, kukayang'anitsa kowala, madzi a ayezi akudontha m'chigongono.

"Aka kali moyo," anatero, n'kukaika m'bokosi lozizira msangamsanga.

Valéria anakhala pa chitsa pafupi ndi Dulce. "Tandiuza wekha, ndisakuuze ine."

"Mayi Salima anati sabweranso," anayankha Dulce, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Timabotolo ta munthu wosiya timabwezedwa n'kukatayidwa. Kutayidwa! Amayi anga ali apa akuvunda ali moyo, mankhwala n'kumakatayidwa. Ndinati mawa a dotolo akapita ku Lichinga, ndiwabweretsa pa njinga, ndiwabaya, ndiyatsa makina. Tabodza tija tikanabwerera osatsegulidwa, palibe akanadziwa. M'mawa uno ndinangoona mayi Salima akutsika pa kabaza."

"Koma sunanene. Unawasiya a dotolo atenge kabotolo ka madzi."

"Ndinadziwa kuti ayesa dontho kaye. Amayesa nthawi zonse."

"Akanaiwala?"

Dulce anagwetsa nkhope. "Sindikudziwa. Ndikanakuwa, kapena ayi. Sindikudziwa, mayi."

"Yankho limenelo ndi loona, ndipo ndilemba momwemo."

Claudino anali atagwada mbali ina ya mphasa. "Dulce, ndinakuuza. Makina amafunditsa malo amodzi. Matenda a amayiwa ali m'chiwindi, ali m'mafupa. Ukanawaotcha pachabe."

"Munandiuza monga dotolo. Ine ndinamva monga mwana."

Mayi Olinda anatambasula dzanja n'kugwira bondo la Valéria. "Inu apolisi, mayi winayo ali ndi ana?"

"Ali ndi mdzukulu wa masabata atatu."

"Ndiye mukudikira chiyani pano? Thamangani nako. Ine sindinamutole mwanayu kuthengo kuti adzandigulire masiku ndi moyo wa mnzanga." Anatembenukira kwa Dulce. "Iwe, dzuka. Sukulu ija sunapitire kulira. Pita ukagwire ntchito, kenako upite kumene akutengere. Ukandipeza, wandipeza. Ukapanda kundipeza, bambo ako akuonetsa pamene ndagona."

*

Mitsempha ya mayi Salima inali itabisala. Dotolo anayesa dzanja lamanja, kuyesa lamanzere, kubaya kawiri osapeza kanthu. Thukuta linali kamukamu pamphumi pake, kabotolo kali m'bokosi kudikira. Potsiriza anadzutsa mutu n'kuyang'ana Valéria, amene anaima pakhomo, Dulce ali pambali pake.

"Miyezi yonseyi amawapeza mtsempha ndi iyeyu," anatero dotoloyo. "Ine ndikhoza kuwononga dzanja."

"Afunseni eni dzanja," anatero Valéria.

Mayi Salima anali atamva kale zonse, poti Abudo sakanatha kusunga nkhani yotere kuchoka pagalimoto kufika pakhonde. Anamuyang'ana Dulce nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kabotolo kanga kena mwaphika," anatero.

"Eya, mayi."

"Ndiye pakatha masabata awiri ndidzabayidwa chiyani? Madzi a mpunga?"

Anayankha ndi dotolo, kuti madzulo omwewo aimbira foni amene anatumiza mankhwala, awauza zonse osabisa kanthu, n'kupempha kabotolo kamodzi ka padera. Sanalonjeze kuti avomera.

"Mukawauze kuti Salima wa ku Entre Lagos akuti asamachite ngati sanaberekepo," anatero mayiwo. Kenako anatambasula dzanja. "Bwera iwe. Ndinanena ndekha kuti mupatse wina, pamenepo sindikana, ndipo kubwalo ndikanena. Koma unandiona ndikutsika pa kabaza n'kukhala chete. Zimenezonso ndikanena. Tsopano baya bwino."

Dulce anasamba m'manja, kuvala magolovesi, kusisita mkono uja ndi chala chachikulu. Singano inalowa kamodzi. Dotolo anayatsa makina, chipinda chinadzaza ndi kulira kwake kwapansipansi, ndipo madzi oonekera aja anayamba kutsika dontho limodzilimodzi.

Zinatenga mphindi makumi anayi. Valéria anazidikira zonse ali chiimire. Sanakayike kuti Dulce apita naye ku Mandimba lero lomwe, ndipo sanakayikenso za chimene akalembe: kuba, chinyengo, kukhala chete m'mawa uja, komanso madzi aukhondo, nambala ya munthu amene anatsanzika, ndi bokosi lozizira limene ananyamula yekha asanaitanidwe. Woweruza akapime yekha. Za a Tobias akalemba kuti asamangidwe, adikire kuitanidwa ali kunyumba, poti wodwala uja alibe wina womutembenuza.

Dontho lomaliza litatsika, Dulce anachotsa singano, kumata thonje, n'kulemba nthawi pa khadi la mayi Salima. Anavula magolovesi.

"Ndakonzeka," anatero. "Koma mankhwala oletsa ululu a amayi, bambo sadziwa kuyeza kwake."

Valéria anatuluka panja n'kuitana dalaivala. "A Abudo, njinga yanga ikwezeni kumbuyo. Tidzera kwa a Tobias. Namwino akawaphunzitse kuyeza mankhwala, ndipo sitichoka mpaka atayeza okha katatu osalakwitsa."

"Akalakwitsa kachitatuko, shefe?"

"Ayambirenso. Ku Mandimba sikuthawa."

A Tobias analakwitsa kasanu ndi kawiri masana amenewo. Valéria, atakhala pa chitsa chija, anaona bwino lomwe kuti manja a msilikali wakaleyo sankanjenjemera konse, kuti ankalakwitsa dala kuti Dulce akhalitseko, koma anawalekerera. Mayi Olinda atagona tulo, mutu uli pamwendo pa Dulce, mkuluyo anayeza katatu motsatizana, ndendende pamzere. Dulce anatsitsa mutu uja pa mtsamiro mosamala, anaimirira, n'kutsogola yekha kupita kugalimoto.